Bulangete Lofiira Lili Pansi pa Sutikesi

Makanjira,
Lamulungu masana.

Wokondedwa mwana wanga Felesiya,

Pepa kuti ndikukuvutitsa ndi kalata yaitali pa tsiku limene mutu wako uli kale ndi zambiri. Pepanso chifukwa cha kalembedwe kanga. Ukudziwa kuti ine ndinalekezera sitandade 5, pamene iwe ukupita ku sekondale kumene ukaone anthu odziwa kulemba. Ndinayamba ndalemba ndi pensulo kuseri kwa mapepala akale a abambo ako, kenaka ndakopera muno ndi inki kuti pasakhale pofufuta. Ukapeza polakwika usaseke kwambiri.

Mwina ufunsa kuti bwanji osangokuuza pakamwa, popeza takhala nyumba imodzi zaka khumi ndi zinayi. Ndayesa, mwana wanga. Lachisanu ndinakuitana kukhitchini, utabwera ndinangoti, "Patse mchere." Dzulo ndinakuitananso, n'kungokufunsa ngati nsapato zikukuthina. Pakamwa panga umapadziwa, mawu amafika pakhosi n'kubwerera. Choncho lero, pamene wapita kukatsanzika kwa anthu a ku tchalitchi, ndakhala pa tebulo la abambo ako. Kalatayi ndiikulunga mu mpango wa kamba wako, chifukwa ndimakudziwa: lole sidzafika ku Malindi iwe usanamasule mpangowo.

Nkhani yake ndi iyi. Lachitatu ndikusita yunifolomu yako unandiuza kuti, "Amayi, pa lole ine sindikakhala pafupi ndi Asiyatu, ndipo kusukuluko ndikanena kuti sindimudziwa. Anzanga akuti woyenda naye aliyense amalembedwa dzina." Ukayang'ana mkati mwa kolala ya bulauzi yako yachiwiri upeza pamene simbi inawaula pang'ono, inali nthawi imeneyo. Sindinakwiye nawe. Ndinachita mantha, chifukwa mawuwo ndinawazindikira. Ndi anga. Unawaphunzira kwa ine, ngakhale kuti sindinawanenepo mokweza.

Pa sukulu yathu ino atsikana osankhidwa ndinu awiri, iwe ndi Asiyatu mwana wa Abiti Yusufu, ndipo mukupita kumodzi. M'sutikesi mwako muli mabulangete awiri. Lotuwa ndi lako. Lofiira, limene lili pansi penipeni, ndinaliikamo dzulo uli kunyanja kochapa, ndipo si lako. Ndisanakuuze za bulangete limenelo, ndilole ndikuuze zolakwa zanga, chifukwa nzeru zina zoti ndikupatse ndilibe.

Tinabwera kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu, abambo ako atatumizidwa kudzaphunzitsa, iwe uli ndi zaka zitatu. Ine ndinali mtsikana ndithu, wosadziwa Chiyao ngakhale moni. Madzi ndinkatunga dzuwa lili paliwombo, nthawi imene pachitsime palibe munthu, kuopa kuti wina angandilankhule. Mwezi wachitatu ndinadwala malungo abambo ako ali ku boma ku msonkhano wa aphunzitsi. Ndinatseka chitseko, osauza munthu. Iwe unkalira pakhonde ndi njala. Amene anakankha chitseko chija, popanda ngakhale odi, anali Abiti Yusufu, amene pa nthawiyo dzina lawo sindinkalidziwa. Anandiyang'ana pamphasa paja n'kunena m'Chichewa chawo chija kuti, "Chemwali, kodi kwanu anthu amafa mobisala? Mukafa mwakachetechete chonchi, ife sadaka tikadya kuti?" Ndinaseka mutu ukuwawa. Anandiphikira phala, anachapa zovala zanga zonse, ndipo masiku anayi anakulera iwe, kukubereka kumbuyo, Asiyatu atamunyamula kutsogolo. Usaiwale zimenezi, Felesiya. Pakati pa nyumba ziwirizi, woyamba kuchita chifundo sindinali ine Mkhristu.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa nkhuku. Patatha chaka, Abiti Yusufu anabereka Patuma, mng'ono wake wa Asiyatu. Ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinagwira nkhuku yanga ya thadzi yonenepa koposa zonse, kuipha ndekha kuseri kwa khola, kuiphika ndi tomato ndi anyezi, n'kuinyamula m'mbale yanga yamaluwa ija ya alendo. Anailandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuivundikira. Patapita masiku awiri mkazi wa wapolisi wina anandiimitsa panjira akuti, "Mayi, mumaphika bwino! Nkhuku yanu ija tinanyambita ndi mbale yomwe." Ndinalira, mwana wanga. Ndinati andinyoza, chakudya changa achiyesa chauve. Milungu iwiri sindinapondeko kwawo. Anabwera okha, khanda lili kumbuyo, n'kukhala pakhonde.

"Chemwali, mwatupa chiyani? Nkhuku ija anachinja ndani?"

Ndinati, "Ndinapha ndekha."

"Ndiye basi. Ife nyama yosachinjidwa ndi Msilamu sitidya. Ndikanakuuzani pomwe paja mukanagwa pansi ndi manyazi, ndimakudziwani inu. Koma munandizunza! Fungo lokha lija, ine ndili ndi njala ya uchembere! Ulendo wina muzibwera nayo ikuyenda, inu odya mbewa inu."

Ndinaganiza zimenezi masiku ambiri. Ndinaona kuti pophika nkhuku ija ndinkaganiza za ine, za mmene ndikaonekere ndi mbale yamaluwa. Za iwo sindinafunse. Choncho iwe uzifunsa. Usamati popeza chinthu ichi n'chabwino kwa ine, n'chabwinonso kwa mnzanga. Mwezi wa Ramazani ukafika muli kusukulu, usamukakamize Asiyatu kudya masana poganiza kuti ukumuchitira chifundo. Umufunse ngati ungamusungire mbale yake mpaka nthawi yake yomasula. Kufunsa sikuchotsa kanthu pa mphatso.

Kulakwa kwachiwiri kunachitika chaka chija mvula inadula msanga, iwe uli sitandade 3. Ife amayi a ku tchalitchi tinasonkha zovala ndi ufa zoti tipatse osowa. Maganizo anali abwino. Koma tinakagawira pansi pa mtengo wa mango wa pa sukulu, tikuimba, tikuitana mayina mmodzimmodzi, mudzi wonse ukuonerera. Ine ndinapereka dzina la mayi wina wamasiye wa kugombe, amene ankatigulitsa nkhuni. Anabwera kutsogolo, anagwada, anawomba m'manja, ndipo ndinamupatsa diresi langa labuluu limene aliyense ankalidziwa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee, ndikuti lero Mulungu wandiona. Mayi uja analivala kawiri kokha. Akamadutsa, ana ankakuwa kuti, "Diresi la akazi a aphunzitsi likupita kunkhuni!" Analeka kulivala, ndipo analeka kudzera njira ya kwathu. Nkhuni anayamba kukagulitsa kutali, kwa anthu osamudziwa. Ndinamupatsa diresi n'kumulanda njira yake. Mpaka lero ndikaona nsalu yabuluu mtima umandiluma.

N'chifukwa chake, ukatambasula bulangete lofiira lija, uona pakona pake ndasokapo dzina ndi ulusi woyera, monga mmene ndasokera pa zinthu zako zonse potsata kalata ya kusukulu. Koma dzinalo si lako, ndi la Asiyatu. Ndinafunsa abambo ako kalembedwe kake kuti ndisaphonye. Likakafika pa bedi lake likakhale lake basi, munthu asakanene kuti anachita kupatsidwa. Wina akakufunsa chifukwa chake linali m'sutikesi mwako, unene zoona, kuti ndi la mnzako ndipo chikwama chake n'chaching'ono. Usakaonjezere mawu ena. Ndipo tsiku limene mudzayambane, pakuti ana amayambana, usadzatchule bulangete. Ukadzangolitchula, walilanda.

Tsopano ndafika pa kulakwa kwakukulu, kumene kwandichititsa kukopera tsamba lino kawiri. Che Bwanali, bambo ake a Asiyatu, ukuwakumbuka. Ndiwo anakusokera yunifolomu yako yoyamba pa makina awo pakhonde la sitolo, n'kukuikira thumba lalikulu akuti, "Umu muzilowa mtedza, mwana wa aphunzitsi asafe ndi njala." Zaka ziwiri zapitazo galimoto inabwera m'mawa tsiku la msika n'kuwatenga, tepi yoyezera ili m'khosi. Makina anatengedwanso. Chifukwa chake palibe anatiuza. Ena amati anasokera anthu ochokera kutsidya kwa malire, ena amati ananena mawu ena okhudza makhadi a chipani. Ine sindidziwa, ndipo sindifunsa. Pa msonkhano wa chipani anatichenjeza kuti munthu wanzeru amadziwa nyumba zoyenera kulowamo.

Ine ndinakhala wanzeru. Ndinasintha njira ya kuchitsime, n'kumadzera kuseri kwa sukulu. Tikakumana mwangozi, Abiti Yusufu akati, "Mwadzuka bwanji, chemwali?" ine ndinkayang'ana m'ndowa ngati mwagwera kanthu. Iwe sindinakuletse kusewera ndi Asiyatu, koma unaona mmene ndinkachitira ndipo unaleka wekha. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza ntchito ya abambo ako ndi sukulu yako, ndipo mwina pang'ono zinali zoona. Lamulungu ndinkaimba bwinobwino m'tchalitchi. Tsiku lina anawerenga za munthu uja anamenyedwa ndi achifwamba panjira, anthu opemphera n'kumulambalala. Njira yolambalalira ndinkaidziwa, imadzera kuseri kwa sukulu. Ndikanakonda kukuuza kuti ndinapita tsiku lomwelo. Sindinapite. Inatha miyezi isanu ndi itatu.

Kenaka Patuma anadwala n'kumwalira. Kulira ndinakumva ndili kukhitchini m'mawa, ndipo mawu a Abiti Yusufu ndinawazindikira. Ndinavala mpango, ndinafika pakhomo pathu, n'kuona kuti panjira pali anthu oyang'ana amene akulowa kusiwa. Ndinati ndipita mawa. Felesiya, ndinali nditakhala kuno zaka zambiri, ndinkadziwa bwino lomwe kuti Asilamu sagoneka maliro monga timachitira kwathu ku Ntcheu. Ndinkadziwa kuti mawa kulibe. Ndinadzinamiza dala. Pofika masana anali ataika, ndipo ndinamva kuti operekeza anali ochepa. Mwana amene ndinamunyamula ali ndi tsiku limodzi anapita ine ndikutsuka mbale zotsukatsuka kale.

Tsiku lachitatu ndinasenza mtolo wa nkhuni ndi kadengu ka ufa n'kupita. Ndinawapeza atakhala pamphasa okha, atatsamira khoma. Nthawi yaitali sanandiyang'ane. Kenaka anasendera pang'ono kuti pamphasa papezeke malo, n'kunena kuti, "Mwachedwa, chemwali. Khalani." Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma palibe ngakhale limodzi limene linatuluka. Patapita nthawi anati, "Ufawu ndalandira. Koma chimene ndinkasowa miyezi yonseyi si ufa, usipa ndimayanika ndipo ana amadya. Ndinkasowa munthu woyankha moni wanga pachitsime." Mawu amenewo ndimawamvabe ndikamapemphera. Yesu amene timamuimbira sanathawe nyumba zimene anthu anzeru ankazithawa. Ine ndinali ndi dzina lake pakamwa, koma mapazi anga ankapita kwina.

Sindikunamiza kuti palibe choopsa. Nditayambanso kupita kwa Abiti Yusufu, amayi ena analeka kundibwereka mtondo. Abambo ako anaitanidwa kamodzi kukafunsidwa, anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kuuzidwa kuti azipita. Atabwera ndinagwada kuwapepesa. Iwo anavula nsapato, anapempha madzi akumwa, kenaka anati, "Mayi a Felesiya, mukamapita kumeneko muzipita masana, ndiponso ndi njira yakutsogolo. Wozemba ndiye amaoneka ngati ali ndi mlandu." Ndipo iwe ukudziwa amene ankasiya mabuku a masamu pawindo la kalasi kuti Asiyatu awapeze.

Choncho sindikukutuma kuti ukakhale wolimba mtima wa pakamwa. Za boma usakalankhule, kaya zabwino kaya zoipa. Khadi lako la chipani uziyenda nalo, lili m'thumba la mkati limene ndakusokera. Za bambo ake usakamufunse, pokhapokha atayamba yekha, ndipo akayamba ungomvetsera, osakauza wina. Atsikana akamamunena usakangane nawo. Chimene ndikupempha n'chaching'ono, koma ndikudziwa kuti n'cholemera: akakupatsa moni umuyankhe, pa chakudya ukhale naye, ndipo wina akakufunsa ngati ukumudziwa unene kuti, "Inde, ndi wakwathu." Usakamukane, mwana wanga. Kukana munthu kumayamba ndi tsiku limodzi, kenaka umapeza kuti miyezi yatha ndipo njira yobwerera yamera udzu.

Za bulangete zinayenda motere. Lachinayi ndinapita kwa Abiti Yusufu ndipo ndinawapeza akulumikiza zitenje ziwiri ndi singano yamanja, kuti ndizo Asiyatu akafunde. Kuno kunyanja zitenje zimakwana, koma kumapiri kumene mukupitako ndimakudziwa, mwezi wa June chisanu chimalowa m'mafupa, ndipo mwana wobadwira kuno sanachionepo. Nthawi ino ndinayamba ndafunsa. Ndinati ndili ndi bulangete limene amayi anga anandipatsa pa ukwati wanga, likungokhala m'bokosi, kodi ndingabwere nalo? Anaika singano pansi n'kunena kuti, "Kuno musabwere nalo. Anthu akaliona pa lole adziwa kumene lachokera, aphunzitsi akakhalanso pa benchi. Ngati mwana wanu akufuna, akam'patse yekha kumeneko. Koma ngati sakufuna, musam'kakamize. Chinthu chopatsidwa ndi nkhope yokwinya sichifunditsa." Kenaka anaseka n'kuti, "Ndipo mulichape kaye, lisakanunkhe mbewa." Ndalichapa kawiri.

Waona tsono kuti ine ndafika pamene ndingathe kufika. Ndasoka dzina, ndapinda, ndaika m'sutikesi. Kulitulutsa ndi kwa iwe. Sindingakukakamize, ndipo mayi ake andiletsa kutero. Asiyatu sakudziwa kuti bulangeteli lilipo, choncho ukalisunga palibe amene adzakunene. Tidzadziwa ndife anayi, iwe, ine, mayi ake ndi Mulungu.

Pali tina ting'onoting'ono toti ndikukumbutse. Sopo wochapira ndamudula pakati ndi ulusi, zidutswa zake n'zofanana, ndayeza. Ukamupatsa kanthu usakamukokere nako ku tchalitchi. Chifundo si nyambo ya pa mbedza. Iye aziswali monga anaphunzitsidwira kwawo, iwe uzipemphera monga tinakuphunzitsira, ndipo ukamapemphera uzimutchula dzina pamodzi ndi bambo ake, chamumtima. Ndiponso iye akakupatsa kanthu ulandire ndi manja awiri. Masamu amakuposa, usakane, abambo ako anandiuza. Ukalola kuti akuthandize, bulangete silidzamulemera. Munthu amene amangopatsa osalandira amasanduka bwana, ndipo bwana sakhala ndi mnzake. Usaonenso ngati wosowa ndi Asiyatu yekha. Kumeneko ukapeza wina amene salandira kalata, wina amene sabwera ndi kamba. Uziyang'ana kumapeto kwa benchi, n'kumene amakhala. Ine ndimadziwa chifukwa n'kumene ndinkakhala.

Nsapato uzipukuta madzulo, osati m'mawa pothamanga. Mabatani apadera ali m'kabokosi ka machesi pamodzi ndi singano. Ukadwala unene msanga, usatengere ine kubisala.

Tsopano yang'ana mu mpangomo. Muli chinangwa chophika, zitumbuwa zisanu ndi chimodzi, ndi nkhuku. Nkhuku imeneyi lero m'mawa, tisanapite ku tchalitchi, ndinapita nayo ikuyenda kwa Che Mdoka a pafupi ndi mzikiti, ndipo achinja ndi iwowo. Ndaikazinga mouma kuti isawonongeke panjira. Abambo ako ndawamana ntchafu, zonse ziwiri zili mmenemo. Ukamaliza kuwerenga, pinda kalatayi, kweza maso. Asiyatu ali pa lole yomweyo, ndipo ndikuganiza kuti wakhala kumbuyo kwenikweni pa madengu a nsomba, kumene kumafika fumbi, pakuti masiku ano n'kumene amadziika yekha. Za bulangete usaziganize kaye, ulendo ndi wautali. Yamba ndi ntchafu imodzi. Akakayikira, umuuze kuti anachinja ndi Che Mdoka.

Mawa pokwera lole mwina sindinena kanthu, mwina ndingokukonza kolala. Usadzaganize kuti mulibe mawu mumtima mwanga. Ambuye akutsogolere, akusunge, ndipo akupatse mtima woposa wa amayi ako.

Chonde undiyankhe msanga, sabata yoyamba yomweyi, usadikire kuti uzolowere. Mayina a anthu usalembe, pakuti makalata amadutsa m'manja ambiri asanafike kuno. Ungondiuza kuti wafika bwino, nsapato sizikuthina, ndiponso kuti ukufunda mabulangete angati. Ngati ndi awiri, ulembe kuti awiri, usandinamize. Sindidzakudzudzula, ndilibe nkhope yochitira zimenezo. Ndidzangodikira kalata yotsatira. Koma usachedwe monga ndinachedwera ine, mwana wanga. Abiti Yusufu adzandiyang'ana pachitsime tsiku lililonse limene lole yamakalata yafika, ndipo sadzafunsa kanthu.

Ndine amayi ako,
Nambewe.